Chindapusa cha Mpata: Mbiri ya Olinganiza Zilembo za Zamoyo

M'mwazi wa munthu aliyense, kaya ndi mfumu kaya ndi mlendo wongogona usiku umodzi m'mudzi, muli chinthu chofiira chotchedwa haemoglobin, chimene udindo wake ndiwo kusenza mpweya wabwino kuchokera m'mapapo ndi kukautula ku ziwalo zonse za thupi. Ndipo pamene Gerhard Braunitzer ndi anzake a ku Munich, pamodzi ndi akatswiri ena a ku America, anatsiriza kusanthula chinthuchi cha m'ma 1961, anapeza kuti chili ndi zingwe za mitundu iwiri, china chotchedwa alpha, cha timagawo 141, ndi chinzake chotchedwa beta, cha timagawo 146. Timagawo timeneti ndi ma amino acid, amene alipo a mitundu 20, ndipo amatungidwa motsatizana monga mikanda pa ulusi, uliwonse pamalo pake, kotero kuti puloteni iliyonse ya m'thupi ingathe kulembedwa papepala ngati mzere wa zilembo. Mwa kalembedwe ka masiku ano chingwe cha alpha chiyamba ndi V L S P A D K, pamene cha beta chiyamba ndi V H L T P E E K. Munthu akagoneka mizere iwiriyi, wina pamwamba pa unzake, chilembo pa chilembo, apeza kuti V yekha ndiye wakumana ndi mnzake, zotsalazo zonse zasemphana. Koma akasiya malo amodzi opanda kanthu pambuyo pa V wa alpha, moyang'anizana ndi H wa beta, pomwepo L agwera pa L, P pa P, K pa K, ndipo chibale chimene chinabisika chionekera poyera.

Malo opanda kanthuwo ndiwo mpata, ndipo kwa kanthawi akatswiri ankaitchula mipata yotere ndi dzina la Braunitzer. Tsono mpata si kanthu kakang'ono monga uonekera papepala, pakuti woulemba akuchitira umboni zinthu zimene maso ake sanazione: akunena kuti kalekale, zaka zoposa 400 miliyoni zapitazo, kunali jini imodzi, ndiyo malangizo a chibadwa opangira puloteni, imene inabala ziwirizi, ndi kuti m'kupita kwa mibadwo chingwe china chinataya mkanda, kapena chinzake chinalandira mkanda wachilendo. Umboni wotere sungaperekedwe mwaulere, chifukwa wouperekayo akadangonena chilichonse chimene mtima wake wafuna. Ndipo funso limene lavutitsa anthu a masamu ndi a zamoyo kuyambira masiku amenewo ndi lakuti munthu alipire zingati kuti aloledwe kutsegula mpata.

Amene anatsegula khomo la zonsezi ndi Frederick Sanger wa ku Cambridge, munthu wofatsa ndi wosakonda kutchuka, amene anatha zaka pafupifupi khumi akuduladula insulin ndi kuzindikira zidutswa zake, kufikira mu 1955 anaika poyera mndandanda wonse wa timagawo 51, m'zingwe ziwiri za 21 ndi 30, natsimikiza kuti puloteni siunjikana chisawawa ayi, koma ili ndi dongosolo lake lokhazikika. Posakhalitsa, mu 1956 ndi 1957, Vernon Ingram wa ku Cambridge komweko anaonetsa kulemera kwa chilembo chimodzi: nthenda ya sickle cell, imene madokotala a m'zipatala za kwathu kuno aidziwa bwino chifukwa cha ana amene imawazunza, gwero lake ndi E woyamba uja wa m'chingwe cha beta, wokhala pamalo achisanu ndi chimodzi, amene asanduka V, timagawo tina tonse 145 tili chikhalire. Pamenepo Emile Zuckerkandl ndi Linus Pauling a ku California, poona kuti haemoglobin ya munthu isiyana pang'ono chabe ndi ya gorilla, koma isiyana kwambiri ndi ya kavalo, ndi koposa apo ndi ya nsomba, analengeza mu 1962 ndi mu 1965 kuti mizere yotereyi ndi makalata a mbiri ya zolengedwa, ndi kuti powerenga kusiyana kwake munthu angathe kuyerekeza nthawi imene mafuko awiri anapatukana. Akuluakulu anati chibale ndi fupa, sichiola. Akatswiriwa anapeza kuti fupalo lili m'mwazi, ndipo chimene chinatsala ndicho kulifukula mosaliswa.

Wosonkhanitsa woyamba anali mayi wina wa ku America, Margaret Dayhoff, amene mu 1965, pamodzi ndi Richard Eck ndi anzawo, anasindikiza buku lotchedwa Atlas of Protein Sequence and Structure, momwe munali mizere 65 yokha, ndiyo pafupifupi yonse imene dziko linali kuidziwa. Iye ndiye anakhazikitsa mwambo wolemba amino acid aliyense ndi chilembo chimodzi m'malo mwa zitatu, pofuna kusunga malo pa makhadi obooledwa amene makompyuta a nthawi imeneyo ankadya. Koma ntchito yake yaikulu inali yowerenga, pakuti anafuna kudziwa kuti m'chilengedwe ndi amino acid uti amene amalowa kawirikawiri m'malo mwa uti; ndipo pofika 1978, atasanthula mabanja 71 a mapuloteni apachibale chapafupi, nawerenga zosinthika 1,572, anayala tebulo lopereka malikisi kwa zilembo ziwiri zilizonse zoyang'anizana, ochuluka kwa zimene zimasinthana mosavuta, ochepa kapena ochotsera kwa zimene sizimalowerana malo. Motero mtengo wa kusintha chilembo unapeza maziko ake m'kuwerenga. Mtengo wa mpata sunapeze mwayi wotere, popeza mipata inali yowerengeka m'mizere imene inalipo, ndipo aliyense ankautchula monga anaonera.

M'masiku oyambawo kulinganiza kunkachitika ndi maso ndi pensulo, munthu akukankhira mzere kumanja ndi kumanzere kufikira utamukomera, ndipo apa ndi pamene panabisala msampha. Wokonda ganizo lake, amene watsimikiza kale mumtima kuti mapuloteni awiri ndi apachibale, akaloledwa kutsegula mipata paliponse popanda kulipira, adzapeza chibale ngakhale pamene palibe. Tiyese ndi DNA, imene ili ndi zilembo zinayi zokha, A, C, G ndi T: mizere iwiri yolembedwa mwachisawawa, yosadziwana konse, ikagonekedwa popanda mpata igwirizana pa chilembo chimodzi mwa zinayi, koma ikapatsidwa mipata yaulere, kugwirizanako kukwera kufika pafupifupi pa zilembo ziwiri mwa zitatu zilizonse, nkhani imene Václav Chvátal ndi David Sankoff anayamba kuifufuza mwa masamu mu 1975. Kuonjezera pa msamphawo panalinso phiri losakwereka, pakuti mizere iwiri ya zilembo 100 uliwonse ingathe kulinganizidwa m'njira zochuluka kotero kuti nambala yake, poilemba, itenga manambala 59 ondondozana, ndipo palibe kompyuta, ya nthawi imeneyo kapena ya lero, imene ikadatha kuziyesa zonse imodziimodzi. Walter Fitch anayesa mu 1966 kulambalala phirilo poyerekeza tizidutswa tatifupi ta mizere, ndipo njira yake inathandiza ndithu, koma sinali kupereka kalinganizidwe kathunthu ka mzere wonse.

Yankho linachokera ku Chicago mu 1970, pamene Saul Needleman ndi Christian Wunsch a ku Northwestern University analemba nkhani yawo mu Journal of Molecular Biology. Ndipo nzeru yake iyenera kulongosoledwa modekha, chifukwa zonse zimene zinadza pambuyo zinamangidwa pa iyo. Lembani chingwe cha alpha chotsika m'mbali mwa pepala, ndi cha beta chopingasa pamwamba pake, ndipo mudule mizere kuti chilembo chilichonse cha alpha chikumane ndi chilembo chilichonse cha beta m'kabokosi kake. Timabokosito tikhala 20,586. Kalinganizidwe kalikonse kotheka ndi ulendo wochokera pa ngodya ya kumwamba kumanzere kukafika pa ngodya ya pansi kumanja: kuponda chopendekera, kutsika ndi kupita kumanja nthawi imodzi, ndiko kuyang'anitsa zilembo ziwiri, kutsika chabe, kapena kupita kumanja chabe, ndiko kusiya mpata mu mzere umodzi. Tsono chinsinsi chake ndi ichi, kuti ulendo wopambana wofika pa kabokosi kalikonse uyenera kuti unadzera pa ulendo wopambana wofika pa kabokosi kena ka m'mbuyo mwake, pakuti ukadakhalapo wina woposa, bwenzi woyendayo atatenga womwewo. Chotero sipafunika kuyesa maulendo onse; munthu angodzaza timabokosi kamodzikamodzi, kulemba mu kalikonse malikisi opambana ofikira pamenepo ndi kukumbukira kumene anachokera, ndipo akafika kumapeto abwerera potsata mapazi ake. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha: phiri la manambala 59 lija linasanduka ntchito ya timabokosi 10,000.

Anthu a masamu anali kuidziwa kale njira yothetsa vuto lalikulu mwa kusunga mayankho a tizidutswa take, pakuti Richard Bellman wa ku RAND Corporation anaiphunzitsa m'zaka za m'ma 1950 naitcha dynamic programming, ndipo Vladimir Levenshtein wa ku Moscow anali atafotokoza mu 1965 za kuwerenga zilembo zofunika kusintha, kuchotsa kapena kuonjezera kuti mawu ena asanduke ena. Koma a zamoyo sankawerenga mabuku a anthu amenewo, ndipo chinthu chimodzimodzicho chinatulukiridwa kangapo m'nyumba zosayenderana. Needleman ndi Wunsch anayesa njira yawo pa puloteni yotchedwa myoglobin ya namgumi ndi chingwe cha beta cha munthu, napeza kuti kufanana kwake kunaposa kutali kumene kukadadza mwangozi, chimene anachitsimikiza posakaniza zilembo za mzere umodzi ndi kuyesanso kambirimbiri. Pa mapuloteni ena awiri, ribonuclease ndi lysozyme, sanapeze chibale chotere. Za mpata ananena kuti pakhale chindapusa chochotsedwa pa malikisi nthawi iliyonse pamene mpata watsegulidwa, ndi kuti chindapusacho chingathe kusiyana molingana ndi kutalika kwa mpatawo. Koma kukula kwake anamusiyira wogwiritsa ntchito. Ine ndiyesa kuti pamenepa anachita moona mtima, chifukwa analibe umboni woti n'kuikirapo mtengo, ngakhale kuti potero anasiyira adzukulu awo mlandu wosagamulidwa.

David Sankoff wa ku Montréal mu 1972, ndi Peter Sellers wa ku Rockefeller University mu 1974, anaongola masamu ake, ndipo kalembedwe kamene ophunzira aphunzitsidwa lero, koti kabokosi kalikonse kafunse anansi ake atatu okha, wa pamwamba, wa kumanzere ndi wa chopendekera, nkochokera m'nyengo imeneyo. Kufulumira kumeneku kunali ndi mtengo wake, pakuti kabokosi kofunsa mnansi wake yekha sikadziwa ngati mpata ukuyamba kumene kapena ukupitirira, ndipo chifukwa cha ichi malo aliwonse opanda kanthu ankalipitsidwa mofanana: mpata umodzi wa zilembo zisanu unali ndi chindapusa chimodzimodzi ndi mipata isanu yomwazikana ya chilembo chimodzichimodzi.

Koma chilengedwe sichichita motero. Ulusi ukaduka sugwetsa mkanda umodzi pano ndi wina uko. Igwa ingapo yoyandikana pa ngozi imodzi. George Streisinger anafotokoza mu 1966 kuti pamene DNA ikukopedwa m'selo, chingwe chatsopano chingathe kuterereka pa chakale, makamaka pamene zilembo zabwerezabwereza, ndipo kagawo kathunthu kadumphidwa kapena kalembedwa kawiri. Ndiponso Francis Crick, Sydney Brenner ndi anzawo anali ataonetsa kale mu 1961, pochotsa ndi kuonjezera zilembo m'jini ya kachilombo kogwira mabakiteriya, kuti selo limawerenga DNA zilembo zitatuzitatu, kotero kuti kutaya chilembo chimodzi kusokoneza uthenga wonse wotsatira, pamene kutaya zitatu pamodzi kungochotsa amino acid mmodzi. Nthenda ya cystic fibrosis, yofala pakati pa Azungu, imene jini yake inapezeka mu 1989, mwa odwala ochuluka idza chifukwa cha mpata wotere wa zilembo zitatu, wochotsa kagawo ka nambala 508 m'puloteni ya timagawo 1,480. Wolipitsa mpata wautali ngati kuti ndi ngozi zambiri akuweruza mlandu umodzi kasanu, ndipo kompyuta yomvera lamulo lake idzaphwanya mpata woona kukhala tizidutswa, n'kumatola zilembo zogwirizana mwangozi apa ndi apo.

Amene anatenga nkhaniyi anali kagulu ka anthu okumana ku Los Alamos, m'mapiri a New Mexico, kumalo komwe kuja kunasulidwa bomba la atomu pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Ndipo nzodabwitsa kuti mmodzi wa akuluakulu a ntchito ya mabomba, Stanisław Ulam, ndiye amene m'ukalamba wake analimbikitsa anyamata kuyeza mtunda wa pakati pa mizere ya zamoyo. Mu 1976 Michael Waterman, Temple Smith ndi William Beyer anaonetsa kuti mpata wa utali uliwonse ungapatsidwe chindapusa chakechake, malinga kabokosi kalikonse kayang'ane m'mbuyo mzere wake wonse, chotsika ndi chopingasa, kufunsa kuti mpata ukadayambira pati. Chilungamo chinapezeka, koma liwiro linatayika: pa mizere iwiri ya zilembo 1,000, ntchito imene ikadakhala ya masitepe miliyoni imodzi inakwera kufika cha ku biliyoni. Ndipo izi zinachitika pa nthawi yoipa, chifukwa mu 1977 Sanger yemwe uja, ndiponso Allan Maxam ndi Walter Gilbert ku Harvard, anatulukira njira zowerengera DNA mofulumira, ndipo mizere inayamba kusefukira ngati madzi a mu Februwale.

Chaka chomwecho cha 1977 kunadziwikanso kuti majini a zamoyo zazikulu ndi odukaduka, uthenga wake uli m'zigawo zolekanitsidwa ndi madera aatali osawerengedwa. Ndipo zinali kuonekeratu kuti mapuloteni ambiri afanana pa chigawo chimodzi chokha, kwina konse ali alendo. Kukakamiza mizere yotere kuti igwirizane kuyambira kumutu kufikira kumchira kunali kulakwira choonadi. Mu 1981 Smith ndi Waterman, m'nkhani ya masamba atatu okha, anaonjezera kanthu kamodzi pa lamulo la kabokosi: malikisi akatsika kupyola ziro, munthu alembe ziro, aiwale zakale, ayambe ulendo watsopano pomwepo, ndipo pomaliza asayang'ane pa ngodya, koma afune kabokosi ka malikisi ochuluka koposa paliponse pamene kali, nabwerere m'mbuyo kufikira atakumana ndi ziro. Chotulukapo ndicho chigawo chofanana koposa cha mizere iwiriyo. Komabe njira iyi inakulitsa mphamvu ya chindapusa, pakuti chikachepa kwambiri malikisi satsikanso pa ziro, ndipo chigawocho chitambalala kumeza mizere yonse, zoona ndi zonama pamodzi.

Womasula mfundo ya liwiro lotayika lija anali Osamu Gotoh, wofufuza wa ku Japan pa malo ofufuzira za khansa ku Saitama, amene mu 1982 anasindikiza nkhani yaifupi mu Journal of Molecular Biology momwemo. Iye anaona kuti sipafunika ufulu wonse wa Waterman, Smith ndi Beyer, woti utali uliwonse ukhale ndi mtengo wakewake. Chikwanira kuti chindapusa chikhale cha magawo awiri, lalikulu lolipira potsegula mpata, ndi laling'ono lolipira pa chilembo chilichonse chimene mpatawo wameza. Ndipo popeza mtengo wa sitepe yotsatira udalira pa chinthu chimodzi chokha, ndicho ngati woyendayo ali kale mumpata kapena ayi, kabokosi sikasowanso kuyang'ana mzere wonse wa m'mbuyo. Kangosunga manambala atatu m'malo mwa imodzi: malikisi opambana a ulendo wofika pamenepo uli mumpata wa mzere woyamba, a ulendo wofika uli mumpata wa mzere wachiwiri, ndi a ulendo wopambana mwa onse. Wofuna kupitiriza mpata atenga nambala ya mumpata ya mnansi wake nalipira pang'ono. Wofuna kutsegula watsopano atenga nambala inayo nalipira zambiri. Ndipo kabokosi kasankha chotsika mtengo mwa ziwirizo. Biliyoni ija inabwerera ku mamiliyoni owerengeka. Dzina la Gotoh silitchulidwa kawirikawiri monga a anzake anayi aja, koma pafupifupi pulogalamu iliyonse imene idzitcha ya Needleman ndi Wunsch, kapena ya Smith ndi Waterman, mkati mwake ikuyenda ndi manambala atatu a Gotoh. Ndipo tiyenera kuvomereza kuti chindapusa cha magawo awiri chinapambana chifukwa chinali chopepuka kuwerengera, chilengedwe chisanafunsidwe ngati chivomereza.

Chaka chomwecho cha 1982 nkhokwe ya mizere yotchedwa GenBank inakhazikitsidwa ku Los Alamos m'manja mwa Walter Goad, ina inali itayamba kale ku Heidelberg, ndipo funso linasintha: munthu sanalinso kuyerekeza mizere iwiri, koma mzere umodzi ndi zikwi zonse za m'nkhokwe. Phindu lake linaonekera mu 1983, pamene Russell Doolittle wa ku San Diego, pofufuza m'mizere imene iye ndi a m'nyumba mwake ankailemba pamanja m'kompyuta, anapeza kuti jini yoyambitsa khansa ya kachilombo kena ka anyani ifanana kwambiri ndi puloteni ya m'mwazi wa munthu yokulitsa maselo, chinthu chimene gulu la Michael Waterfield ku London linalengezanso nthawi yomweyo. Aliyense tsopano anafuna kufufuza, ndipo tebulo lathunthu linali lochedwa. David Lipman ndi William Pearson anapanga FASTP mu 1985 ndi FASTA mu 1988, zoyamba ndi kusaka timawu tatifupi tofanana ndi kudzaza timabokosi ta pafupi pokha. Kenaka mu 1990 Stephen Altschul, Warren Gish, Webb Miller, Eugene Myers ndi Lipman anatulutsa BLAST, imene inathamanga koposa zonse. Chimene ambiri aiwala ndi chakuti BLAST yoyambayo inakana mipata kotheratu, ndipo chifukwa china chinali chakuti masamu a Samuel Karlin ndi Altschul, ouza munthu ngati malikisi ake ndi oona kapena angozi, anatsimikizidwa pa mizere yopanda mipata yokha. Mipata inabwezedwa mu 1997, ndipo manambala oyezera ngozi pa mizere ya mipata anachita kuwapeza poyesa mizere yachisawawa yambirimbiri.

Lero wophunzira akatsegula BLAST pa intaneti kuti afufuze puloteni, apeza malo atadzazidwa kale: tebulo la malikisi ndi BLOSUM62, limene Steven ndi Jorja Henikoff a ku Seattle anakonza mu 1992, chindapusa chotsegulira mpata ndi 11, ndipo cha chilembo chilichonse ndi 1. Mwa mitengo imeneyi mpata umodzi wa zilembo zisanu udya malikisi 16, pamene mipata isanu ya chilembo chimodzichimodzi idya 60. Nanga 11 ameneyu anachokera kuti? Sanatsike kumwamba, ndipo palibe lamulo la chilengedwe limene linamubala. Akatswiri anatenga mabanja a mapuloteni amene chibale chake chinali chodziwika kale mwa njira zina, nayesa mitengo yosiyanasiyana, nasunga imene inapeza abale ochuluka popanda kulowetsa alendo. Pulogalamu ina yotchuka ya ku Ulaya, ya m'gulu la EMBOSS, ilipitsa 10 potsegula ndi theka pa kupitiriza, ndipo nayonso ili ndi oikhulupirira. Kompyuta ilonjeza chinthu chimodzi, ndipo ichisunga mosaphonya, ndicho kupeza kalinganizidwe ka malikisi ochuluka koposa pa mitengo imene yapatsidwa. Koma kuti kalinganizidweko ndiko kamene kanachitikadi m'mibadwo yakale, imeneyo siilumbira ayi, ndipo safunsa amene alandira zotuluka m'makina osayang'ana mitengo adzadya phula tsiku lina.

Mizere itachuluka, chilengedwe chinafunsidwa tsopano, ndipo yankho lake silinakomere Gotoh kwenikweni. Steven Benner, Mark Cohen ndi Gaston Gonnet, pogwira ntchito ku Zürich, anawerenga mipata m'mapuloteni ambiri nalengeza mu 1993 kuti mipata yaitali ipezeka kawirikawiri kuposa mmene chindapusa cha magawo awiri chiyembekezera, ndiko kunena kuti mpata ukatalika, chilembo choonjezera chiyenera kutsikiratsikira mtengo. Ena anaona kuti mpata sugwa paliponse mofanana: pakati pa puloteni, pamene zingwe zapindana mothinana, kutaya kagawo ndi imfa, koma kunja, m'malo olendewera okhudzana ndi madzi, kutayako kupiririka. Chifukwa chake ClustalW, imene Julie Thompson, Des Higgins ndi Toby Gibson anatulutsa ku Heidelberg mu 1994 kuti izilinganiza mizere yambiri pamodzi, inatsitsa chindapusa m'madera otere ndi pamene mpata unatsegulidwa kale, nichikweza pafupi ndi mpata wina. Ndipo Heng Li, pokonza minimap2 mu 2018 kuti igwire mizere yaitali ya makina atsopano, anaika mitengo iwiri ya Gotoh pamodzi, wina wa mipata yaifupi ndi wina wa yaitali, kuti kompyuta izilipira wotsikirapo mwa iwiriyo.

Mwezi wa Novembala 2021 nkhaniyi inafika pakhomo pathu. Akatswiri a ku Gaborone, motsogozedwa ndi Sikhulile Moyo, mbadwa ya ku Zimbabwe, ndi anzawo a ku South Africa, polinganiza mizere ya kachilombo ka Covid-19 ndi mzere woyamba uja wa ku Wuhan, wa zilembo pafupifupi 30,000, anaona mtundu wosinthika modabwitsa, umene pa 26 Novembala bungwe la zaumoyo la dziko lonse linautcha Omicron; ndipo mphotho ya kunena zoona msanga inali yakuti maiko olemera anatsekera zitseko apaulendo a kuchigawo chino, a ku Malawi ndi Mozambique omwe. M'puloteni imene kachilomboko kaboolera maselo munali mipata ingapo ndi timagawo titatu tachilendo toonjezera, ndipo mpata umodzi, wochotsa timagawo ta nambala 69 ndi 70, unachititsa kuti makina ena oyezera, amene afuna zizindikiro zitatu za kachilomboko, aziphonya chimodzi, kotero kuti madokotala anatha kutsata kufala kwa mtundu watsopanowo ngakhale asanawerenge mzere wake wonse. Pamalo amenewo mzere wa ku Wuhan uli ndi A T A C A T G T C, ndipo wa Omicron watsala ndi A T C. Zilembo zisanu ndi chimodzi zapita, koma ndi ziti? Munthu angasunge A woyamba, nataya T A C A T G, natsala ndi T C. Angathenso kusunga A T, nataya A C A T G T, natsala ndi C. Njira zonse ziwiri zipereka A T C, mpata umodzi wa utali umodzimodzi, chindapusa chimodzimodzi, malikisi ofanana kotheratu, ndipo palibe tebulo limene lingasankhe pakati pake. Kuti nkhokwe za maiko zisalembe mpata umodzi ndi maina awiri, ambiri mwa osunga mizere ya DNA anagwirizana mwambo wokankhira mpata wotere kumanzere mpaka pamene ulekezera, ndipo chifukwa cha mwambowo mpata wa Omicron umalembedwa kawirikawiri kuti uyambira pa chilembo cha nambala 21,765 kulekeza pa 21,770.